Injini ya Malasha Yokwana pa Thebulo

M'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Chipata mukali madoda amene pa unyamata wao anakwera lole kapena basi kukafuna nchito ku njanji ndi ku migodi ya kopa. Mwa zodabwitsa zimene anakaziona kumeneko munali cinyama cakuda ca citsulo, cofuka utsi ndi kupuma nthunzi, cimene kulira kwake kunali kumveka cikali kutali. Imeneyo inali injini ya malasha yokoka sitima. Adzukulu ao sanaionepo. Njanji inafika ku Chipata kucokera ku Mchinji m'caka ca 2010, mainjini a malasha ataleka kale nchito, ndipo mwana wa masiku ano akamva agogo ake akusimba za moto woyenda pa mawilo amayesa ndi nthano cabe.

Mainjini ocepa amene anapulumuka ku ng'anjo za osungunula zitsulo anaimikidwa m'malo osungira zakale, monga aja a ku Livingstone ndi a ku Bulawayo, kumene dzuwa, mvula ndi dzimbiri zikuwadya pang'onopang'ono. Koma ilipo njira ina imene anthu anapeza yosungira makina otere. M'maiko ambiri muli amisiri amene amatenga lata la mkuwa, tupa ndi kasowo, napanga injini yomweyo mwa kuicepetsa kufikira itakwana pa thebulo, ili ndi mawilo ake onse, mipope yake yonse ndi misomali yake yonse. Nchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi lalikulu: ciliconse ca pa kainjini kakang'ono cicokere pa injini yaikulu, pa muyeso wake ndi pa malo ake. Mmisiri saloledwa kupeka. Apa ndi pamene kainjini kotere kamasiyanira ndi cidole ca m'sitolo.

Cinyama ca mawilo 28

Kuti nchitoyi imveke, nkwabwino kutenga injini imodzi imene inayenda m'dziko muno ndi kuona zimene mmisiri ayenera kucita nayo kuyambira pa pepala kufikira pa penti. Yoyenera ndi ija ya mtundu wa Garratt, ya gulu lochedwa 20th Class, imene inali mwa mainjini akuluakulu koposa a kampani ya Rhodesia Railways.

Dzinalo ndi la Herbert William Garratt, katswiri wa ku Britain amene analembetsa nzeru yake m'caka ca 1907. Iye anaona kuti njanji za m'maiko ambiri ndi zopapatiza, zopepuka ndiponso zokhotakhota, kotero kuti injini yaitali ndi yolemera siingayendepo bwino. Tsono anaganiza zogawa injini patatu. Kutsogolo anaika gulu la mawilo losenza thanki ya madzi. Kumbuyo anaika gulu lina losenza malasha ndi madzi ena. Pakati anapacika boila, ndiwo mgolo waukulu wowiritsira madzi, pamodzi ndi kanyumba ka woyendetsa, monga m'mene amuna awiri anali kunyamulira macila, wina patsogolo wina pambuyo. Pofika pokhota, gulu lililonse la mawilo limakhota palokha, ndipo kulemera konse kumagawika pa mawilo ambiri.

Mainjini a 20th Class anapangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester pakati pa 1954 ndi 1958, ndipo onse pamodzi anali 61. Iliyonse inali ndi mawilo 28, ndipo 16 mwa amenewa ndiwo anali okoka. Utali wake unali pafupifupi mamita 29, kulemera kwake koposa matani 220 itadzaza madzi ndi malasha. Ng'anjo yake inali yaikulu, ndipo m'malo mwa munthu wa fosholo, malasha anali kukankhidwira pamoto ndi makina. Inali kukoka malasha ocokera ku Wankie, kumene tsopano kumachedwa Hwange, opita ku migodi, ndi kopa wopita kum'mwera. Pamene Rhodesia Railways inagawidwa m'caka ca 1967, ena mwa mainjiniwa anakhala a Zambia Railways, koma sanakhalitse, pakuti a dizilo analowa m'malo mwao. Kampani imene inawapanga inali itatseka kale mu 1966.

Mkuwa wacikasu

Mau akuti mkuwa amanena zitsulo ziwiri. Pali mkuwa wofiira, umene anthu a ku migodi amati kopa, ndipo pali mkuwa wacikasu, wonga uja wa pa loko, pa mpopi wa madzi ndi pa malipenga a bandi. Wacikasuwo sukumbidwa pansi ai. Ndi kopa wosakanizidwa ndi citsulo cina cochedwa zinki, kawirikawiri magawo 60 kufikira 70 a kopa mwa 100 alionse. Zitsulo ziwirizi zinakumbidwa m'Zambia muno: kopa ku Copperbelt, zinki ku mgodi wa Broken Hill, ndiko ku Kabwe, umene unatsekedwa m'caka ca 1994. Motero wopanga Garratt ya mkuwa amaipanga ndi zitsulo za mtundu womwewo umene sitima za pa njanji imeneyo zinali kunyamula.

Kodi amisiri amakonderanji mkuwa wacikasu pamene pali mitengo, malata wamba ndi pulasitiki? Zifukwa zake zilipo zingapo. Ndi wofewa ku sowo ndi ku tupa, koma lata lake, ngakhale lopyapyala ngati cikhadabo, limaima nji osapindika lokha. Sucita dzimbiri. Umagwirana bwino ndi mtobvu womatira, uja umene okhoma ndowa ndi nyali za koloboi amagwiritsa nchito. Ndiponso injini yeniyeni inapangidwa ndi zitsulo zocekedwa, zopindidwa ndi zokhomedwa, ndiye kainjini kopangidwa m'njira yomweyo kamatenga maonekedwe a citsulo amene pulasitiki yothiridwa m'cikombole imalephera kuwaonetsa.

Zida za nchitoyi sizicuruka: kasowo kocekera zitsulo ka mano osalala ngati ulusi, matupa ang'onoang'ono a misinkhu yosiyana, vaisi yopanira, coboolera ca pamanja, cisongole colembera pa citsulo, rula ya citsulo, ndi citsulo comatira cotenthetsa ndi magetsi kapena pa moto. Amene ali ndi ndalama amaonjezapo makina ozungulitsa citsulo ochedwa lathe, osemera mawilo ndi cumuni.

Kugawa ndi 64

Asanakhudze mkuwa, mmisiri amayamba ndi masamu. Ayenera kusankha kuti injiniyo aicepetsa kangati. Njanji za m'Zambia, monga za ku Zimbabwe, Malawi ndi South Africa, zili ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo zake ziwiri. Tinjanji timene timagulitsidwa kwambiri m'masitolo a zoterezi tili ndi mpata wa mamilimita 16.5. Munthu akagawa 1,067 ndi 64 amapeza 16.7, ndiye kusiyana kwake nkocepa kotero kuti diso silingakuone. Kaamba ka ici ambiri opanga sitima za njanji ya mpata umenewu, makamaka ku New Zealand ndi ku Australia, amagawa zonse ndi 64.

Akatero, injini ya mamita 29 imasanduka ya masentimita 45, ndiko kutalika kwa mkono kuyambira pa cigongono kufikira ku nsonga ya cala. Wilo lokoka, limene kukula kwake ndi mamilimita 1,295, limakhala la mamilimita 20, ngati batani la jekete. Munthu woima pambali pake amakhala wa masentimita osakwana 3. Mutu wa msomali wa mamilimita 25 umatsala 0.4, kukula kwa kambeu ka mcenga. Kulemera ndiko kumatsika koposa, cifukwa injini imacepa m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu momwe: matani 220 amatsikira pa kilogalamu imodzi yosakwana.

Miyeso imeneyi imacokera ku mapulani a kampani imene inapanga injiniyo, ku zithunzi zakale, ndi kwa mmisiri mwini ngati angafike pamene injini yaima ndi tepi m'manja. Zitatuzi kawirikawiri sizigwirizana. Pulani imaonetsa injini monga inaturukira m'fakitale, koma pa zaka za nchito amakanika anali kusuntha mipope, kusintha nyali ndi kumata zigamba pa mathanki, kotero kuti mainjini awiri a gulu limodzi anali kusiyana ngati ana a mimba imodzi. Cotero mmisiri wosamala amasankha injini imodzi, ya nambala imodzi, monga inaliri m'caka cimodzi, ndipo amatsata yomweyo kufikira mapeto.

Pali malo pamene masamu amafuna kuwathandiza ndi nzeru. Lata la thanki la mamilimita 6 likagawidwa ndi 64 limapyapyala ngati pepala, losatheka kuligwira. Mmisiri amatenga la mamilimita 0.3, napala m'mphepete mokha mmene muoneka, kuti diso lione kupyapyala koyenera.

Felemu ndi mawilo

Nyumba imayambira pa maziko, ndipo kainjini kamayambira pa felemu. Imeneyi ndi mizati iwiri yafulati ya mkuwa wocindikala, yoima moyang'anana, m'mene mumapita maekiselo a mawilo. Mabowo a mzati wa kumanja ayenera kulunjikana ndendende ndi a kumanzere. Njira yake ndi yakale ndiponso yosabvuta kuimva: zidutswa ziwirizo amazimata pamodzi ndi mtobvu, nazilemba, naziboola ndi kuziceka ngati cinthu cimodzi, kenaka nazitenthetsa kuti zilekane. Mikono ya citsulo yolumikiza mawilo amaiboolanso potsata mabowo omwewo. Ikasiyana ngakhale ndi kukula kwa tsitsi, kainjini kamatsimphina pa kuzungulira kulikonse kwa wilo.

Cina cobvuta ndi kakhazikidwe ka mawilo pa ekiselo. Woyendetsa njinga adziwa kuti mapedulo akaima wina pamwamba wina pansi, mwendo ulibe mphamvu, ndipo pa citunda njinga imaima. Injini ya nthunzi ikanakhala ndi bvuto lomwelo, koma opanga analipewa mwa kusiyanitsa mbali ziwiri ndi gawo limodzi mwa magawo anai a kuzungulira, ndiwo madigiri 90. Mbali imodzi ikafika popanda mphamvu, inayo imakhala pakati pa kukankha. Pa kainjini, maekiselo onse anai a gulu limodzi ayenera kukhala ndi kusiyana kofanana. Limodzi likaphonya, mikono imakokana ndipo mawilo amakana kuyenda.

Pambali pa mawilo pali timikono tambiri timene timatsegula ndi kutseka njira ya nthunzi yolowa m'silinda. Kakonzedwe kake kanapezedwa ndi Egide Walschaerts wa ku Belgium m'caka ca 1844. Pa kainjini, gulu limodzi la timikonoti lili ndi tizidutswa toposa khumi, tina tocepa kuposa njere ya mpunga, ndipo tonse tiyenera kuyenda momasuka pa timisomali take. Pomata msomali wotere, mmisiri amalowetsa kapepala kopyapyala konyowa ndi mafuta pakati pa zidutswa ziwiri kuti mtobvu usayenderere ndi kuziumitsa pamodzi, ndipo akatha amakang'amba. Injini wamba ili ndi magulu awiri a timikono totere. Garratt ili ndi anai, pakuti ndi mainjini awiri okhala ndi boila imodzi. Wosankha Garratt wasankha kugwira nchito yonse kawiri.

Tinjini tambiri ta msinkhu umenewu timayenda ndi kamota ka magetsi kobisika m'thanki, kolandira mavoti 12 kupyolera m'njanji. Popeza mkuwa umapititsa magetsi, mawilo a mbali imodzi amawachinga ndi pulasitiki pakati, ndipo wilo likangokhudza felemu pokhota, zonse zimazima. Mmisiri wanzeru amayendetsa felemu yokha ndi mawilo ake, kutsogolo ndi kumbuyo, masiku angapo, asanaike kanthu pamwamba. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tilipo tinjini tokongola tambiri timene timangokhala m'kabati cifukwa mwini wake anathamangira thupi nasiya miyendo.

Boila, mathanki ndi misomali

Boila imayamba ngati lata lafulati. Mkuwa uli ndi khalidwe lakuti ukapindidwa kapena kukhomedwa umauma ndi kukakamira. Kuti ufewe amautenthetsa kufikira utayamba kufiira pang'ono, nauleka uzizire. Pamenepo amaukulunga pa ndodo ya citsulo, poupsinja pa nsalu yocindikala kapena pa ncafu, pang'onopang'ono kufikira mbali ziwiri zitakumana. Mabowo a cumuni ndi a zina amawaboola lata likali lafulati.

Mathanki ndi bokosi la malasha ndiwo amayesa mtima wa munthu, cifukwa ca mizere ya misomali yolumikiza malata, imene anthu a nchito za zitsulo amati mariveti. Pa kainjini sakhoma misomali yeniyeni. Amatembenuza lata, nalemba mizere kumbuyo kwake, ndipo ndi kacisongole kobuntha amadinda kamodzi pa malo a msomali uliwonse kuti kunja kutukuke kakang'ono. Kudinda kulikonse kukhale kwa mphamvu yofanana ndi kutalikirana kofanana. Dzanja likaterereka pa msomali wa mazana awiri, lata lonselo latayika. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kumata nako kuli ndi mwambo wake. Mkuwa umayendetsa kutentha msanga, kotero kuti pomata kanthu katsopano, kakale kapafupi kamasungunuka ndi kugwa. Kaamba ka ici amisiri amasunga mitundu ingapo ya comatira. Zolumikiza zofuna mphamvu amazimata ndi ca siliva, cosungunuka pa madigiri oposa 600. Thupi lalikulu amalimata ndi cosungunuka pa madigiri 188. Tizinthu tapamwamba amatimata ndi ca madigiri 145, ndipo totsiriza ndi ca madigiri 70, cimene cingasungunuke ndi madzi owira. Amayamba ndi cotentha koposa natsikira pansi, kuti ca pambuyo cisamasule ca poyamba. Pamene pali mantha, amaphimba ndi kansanza konyowa.

Mankhwala oyeretsera pomata ndi asidi, ndipo akasiyidwa amadya mkuwa ndi kuusandutsa wobiriwira, ndiye nchito ya tsiku lililonse imatha ndi kutsuka. Manjanso ayenera kusambidwa bwino munthu asanadye, ndipo ana asaseweretse comatira, pakuti mitundu yambiri ili ndi mtobvu. Anthu a ku Kabwe, kumene dothi linaonongeka ndi mtobvu wa mumgodi, adziwa bwino cimene citsulo cimeneci cimacita m'magazi a mwana.

Tizinthu timene timapatsa injini nkhope

Boila ndi mathanki zikaima pa mawilo, cinthuco cimafanana ndi injini iliyonse. Cimene cimaisandutsa injini yakutiyakuti ndi tizinthu tating'ono: nyali yaikulu ya kutsogolo, wezulo, mabokosi a mcenga wothira pa njanji mawilo akamaterereka, cokankhira ng'ombe, makwerero, zogwirira manja, mipope ya madzi, ya nthunzi, ya mafuta ndi ya mabuleki. Mipope amaipanga ndi waya wa mkuwa wa makulidwe osiyana, ndipo uliwonse uyenera kucokera pamene weniweni unacokera ndi kuthera pamene unathera. Mpope wongolowa pansi pa boila popanda kumene ukupita ndi bodza, ndipo munthu amene anagwirapo nchito pa injini amaliona nthawi yomweyo.

Tizinthu tokhala ndi maonekedwe obvuta, monga mapampu ndi mavavu, amatiumba m'njira ya phula. Amayamba apanga kacinthuko ndi phula, nakakuta ndi dothi losalala lapadera. Likauma amaliocha, phula limasungunuka ndi kutuluka, ndipo m'malo mwake amathiramo mkuwa wamadzi, umene umasungunuka pa madigiri oposa 900. Akaswa cikomboleco amapeza kacinthu ka mkuwa kofanana ndi ka phula kaja. Njira imeneyi siinayambe ndi Azungu okha ai: amisiri a ufumu wa Benin, m'dziko limene tsopano ndi Nigeria, anaumba nayo mitu ya mafumu ao zaka mazana angapo zapitazo.

Njira ina ndi yodyetsa lata ku mankhwala. Cithunzi ca zidutswa cimasindikizidwa pa lata ndi utoto wosadyeka, ndipo lata likamizidwa m'mankhwala, pamene palibe utoto pamadyeka. Umu ndi m'mene amapangira timbale ta nambala ya injini ndi ta dzina la fakitale, tokhala ndi zilembo zofuna galasi kuti ziwerengeke. Masiku ano ena amajambula zidutswa pa kompyuta ndi kutumiza ku kampani kuti ikawadyetsere, koma kupinda, kumata ndi kulunzanitsa kukali kwa manja.

Potsiriza pamabwera penti. Ena amakasiya kainjini kali mbee, konyezimira ngati golide, kuti luso lionekere. Koma Garratt ya ku Kabwe inali yakuda. Penti siigwira bwino pa mkuwa, ndiye amayamba akwecesa ndi kutsuka kufikira palibe ngakhale cidindo ca cala, napaka penti yoyamba yoluma citsulo, kenaka yakuda, yopopera mopyapyala kuti isakwirire misomali ija. Pambuyo pake amaidetsa dala: phulusa pansi pa ng'anjo, mwaye pamwamba pa boila, mizere yoyera pamene madzi anali kudontha, mafuta pa mikono, ndi pfumbi lofiira pa mawilo. Nchito yonse, kwa munthu wogwira madzulo okha akaweruka, imatenga miyezi yambiri, mwinanso zaka.

Kumene luso limeneli linakulira

Ku Britain, kwao kwa njanji, magazini ya amisiri otere yochedwa Model Engineer inayamba kutuluka m'caka ca 1898. Mlembi wake wochuka koposa anali Lillian Lawrence, mwamuna amene anali kusaina ndi zilembo zakuti LBSC, za kampani ya njanji kumene anagwira nchito pa unyamata wake. Iye anali kupanga tinjini tokulirapo, toyenda ndi moto ndi nthunzi zenizeni. Pa nthawiyo akatswiri anali kunena kuti kainjini kakang'ono sikangayake malasha ndi kukoka munthu. M'caka ca 1924, pa cionetsero ku London, kainjini kake kochedwa Ayesha, koyenda pa njanji ya mpata wa mamilimita 64 okha, kanakoka munthu pamaso pa anthu. Kufikira imfa yake mu 1967 analemba mapulani oposa 100, m'mau osabvuta, olembera munthu wamba wokhala ndi zida zocepa m'kashedi ka kuseri kwa nyumba.

Pa tinjini ta moto weniweni totere pali cenjezo limodzi: boila amaipanga ndi kopa, osati ndi mkuwa wacikasu. Madzi otentha amacotsa zinki mu mkuwa wacikasu pang'onopang'ono, ndipo citsulo cimatsala cofumbwa ngati mtengo wodyedwa ndi ciswe, cokhoza kuphulika.

Dziko lina limene linachuka ndi Japan. Itatha nkhondo yaikulu mu 1945, asilikali a ku America okhala kumeneko anayamba kupereka zithunzi za mainjini a kwao kwa amisiri a zitsulo kuti awapangire ndi mkuwa. Sitolo ya mawoci ndi zokometsera yochedwa Tenshodo, ya ku Ginza mu mzinda wa Tokyo, inalowa m'malonda amenewa mu 1949, ndipo posapita nthawi tinjini ta mkuwa ta ku Japan tinali kutumizidwa ku America tambirimbiri, tonse tomatidwa ndi manja. Malipiro atakwera ku Japan, m'zaka za m'ma 1970 nchito yambiri inasamukira ku South Korea. Ambiri mwa amisiri amenewo sanaionepo ndi maso injini imene anali kuipanga. Anadalira mapulani ndi zithunzi, ndipo pamene izi zinali zopereweza, kainjini nako kanatuluka kolakwika.

Cimene cithunzi sicinena

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza madoda aja a m'midzi. Cithunzi cimaonetsa mbali imodzi ya injini, kawirikawiri ya kudzuwa. Sicionetsa pamwamba pa thanki, kuseri kwa mawilo kapena m'kanyumba ka woyendetsa. Injini ya m'malo osungira zakale nayo imakhala itataya zina, makamaka za mkuwa, zimene zimayamba kuguluka makina akangoimikidwa. Zotsalazo zili m'mitu ya anthu.

M'masiku a atsamunda, kufikira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nchito yoyendetsa injini ndi yosonkha moto pa Rhodesia Railways inali ya Azungu okha. Anthu akuda anali kupukuta mainjini, kucotsa phulusa, kupakira malasha, kuthira madzi ndi kukonza njanji, pa malipiro ocepa amene anawacititsa sitalaka yaikulu m'caka ca 1945, imene inayambira ku Bulawayo ndi kufalikira kumpoto. Maina ao sali pa mbale ya mkuwa ya injini iliyonse. Koma munthu amene anapukuta Garratt ndi sanza usiku uliwonse adziwa mpope umene unali kuocha dzanja, pamene mafuta anali kudontha, ndi pamene phazi linali kuponda pokwera pa thanki. Zimenezi ndizo mmisiri wa mkuwa amazifunafuna osazipeza m'buku. Amene anali mnyamata wa zaka 20 pamene mainjini otsiriza a 20th Class anafika mu 1958, tsopano wapyola zaka 80.

Luso la manja siliperewera m'midzi. Anyamata opanga magalimoto a waya amadziwa kale kuyang'ana lole ndi kuitengera m'manja, ndipo okhoma ndowa ndi mbaula amadziwa kuceka lata, kulipinda ndi kulimata. Cimene mmisiri wa tinjini amaonjezapo ndi rula, pensulo ndi masamu a kugawa amene amaphunzitsidwa ku pulaimale. Mnyamata amene alibe mkuwa angayambe ndi zitini, ndipo amene sanaionepo injini angayambe ndi ngolo ya ng'ombe ya atate ake: aiyese mbali zonse, alembe miyeso, agawe uliwonse ndi 10, ndipo asasinthe kanthu cifukwa cakuti nkobvuta.

Aphunzitsi amene amatenga ana a sukulu kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya angacite bwino kupatula maola awiri opita ku malo osungira mainjini a ku Livingstone, pamene panali mashedi a sitima za kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills, atanyamula tepi ndi kabuku. Ndipo m'mudzi m'mene muli agogo amene anagwira nchito ku njanji, mdzukulu apite kwa iwo ndi cithunzi ca Garratt, akhale pansi, aloze cinthu cimodzi cimodzi ndi kufunsa dzina lake ndi nchito yake, nalembe zonse zimene adzayankha.